Thobwa Lomwe Amayi Anati Nditaye

1 Januwale, dzuwa lapendeka. Ndakhala pamtondo wovundikira kuseri kwa khitchini, mapazi ndaviika m'beseni, kabuku kanga kali pamaondo. Zilembo zanga lero zikukana mzere, zikungotsetsereka ngati zikupita kudambo. Ndikati ndilembe ndimayamba kaye ndaseka. Achemwali agona m'nyumba atamanga kansalu konyowa kumutu, ndipo angondikalipira pawindo kuti ndikapanda kusiya andigenda ndi nsapato. Ndiye ndikusekera m'manja.

Ndiyambe ndi thobwa, poti zonse zachokera kumeneko.

Pa Khirisimasi amayi anaphika thobwa ndowa yathunthu. Anzanga kuno ku Jenda amati chindongwa, koma amayi kwawo ndi ku Kasungu, ndiye m'nyumba mwathu ndi thobwa basi. Ntchito yambiri inali yanga. Ndine ndinaviika mawere, ndine ndinawafunditsa masaka mpaka atatulutsa timichira toyera, ndine ndinawayanika n'kumapirikitsa nkhuku masiku awiri, kuchigayo ndinapitanso ine. Koma tsikulo kunagwa mvula, kunazizira, alendo anamwa pang'ono, ndipo pafupifupi theka linatsala.

Patapita masiku atatu adada ndi amayi ananyamuka kukadyera chaka kwa abale ku Edingeni. Amayi ali pakhomo, chikwama chili kale kumutu, anacheuka.

"Thobwa latsalalo lasasa. Ukalitaye kudzala, ndowayo utsuke."

Ndinati chabwino. Koma nditavundukula ndowa ndinagwidwa chisoni. Mawere anga onse aja athere kudzala? Ndinalawa. Linali lowawasa, inde, koma osati kwambiri. Ndinaganiza kuti ndiwo zikachepa mchere timathira, diresi likang'ambika timasoka, nanga thobwa lingakanike bwanji kukonzeka? Ndinaphika kaphala, kataphola ndinathiramo. Ndinawonjezera chimera manja atatu ndi shuga kapu imodzi ndi theka. Ndinavundikira bwinobwino, n'kulifunditsa bulangete langa lakale kuti lisazizidwe, n'kuliika pakona pafupi ndi mafuwa.

M'nyumba mwathu simunalowepo mowa. Adada ndi mkulu wa mpingo, ndipo akamadutsa pabala amayang'ana kumbali. Ine ndinkadziwa kuti mowa umabwera m'mabotolo pagalimoto, kapena amatcheza anthu a migolo ndi mapaipi kutsidya kwa mtsinje. Zoti ungabadwire m'khitchini mwa amayi, pansi pa bulangete langa la maluwa, sizinandifikepo m'mutu.

Tsiku lachiwiri ndowa inayamba kuyankhula. Ndikagunditsa khutu ndinkamva tsii, tsii, ngati muli kamwana kogona. Ndinakondwa kwambiri, ndipo ndinalemba zonse m'kabuku kano, muyeso ndi muyeso, kuti chaka chamawa ndisadzaiwale.

Pali chinanso choti ndifotokoze. Achemwali akukwatiwa. Ng'ombe za malowolo zinafika mvula isanayambe, alamu abwera kuchokera ku Joni, ndipo Lamulungu likubwerali ukwati ulengezedwa koyamba m'tchalitchi. Diresi lili kale kwa telala. Tsono Lamulungu lapitali adada ndi amene anaima kutsogolo kuwerenga uthenga wochokera kupolisi, woti nyengo ya zisangalaloyi mwana wasukulu aliyense wopezeka ataledzera pamsewu atengedwa, dzina lake lilembedwa, makolo aitanidwa. Atapinda pepalalo anawonjezera mawu awo. Anati wa mpingo uno akapezeka m'buku limenelo adulidwa, kaya ndi mwana wa ndani. Ndipo aliyense amadziwa kuti wodulidwa ukwati wake sulengezedwa. Achemwali anavomera amen mokweza kuposa onse.

Achemwali ndi amenenso amatsogolera kwaya ya atsikana. Tilimo khumi ndi awiri, ambiri ndife a sekondale amene tabwera kutchuthi. Ine ndimaima kumbuyo kwenikweni. Kunena zoona sindiimba, ndimangoyendetsa milomo, chifukwa ndikamva mawu anga ndimachita manyazi. Chaka chilichonse pa Nyuwere tikatuluka m'mapemphero timapita tikuimba kukaona odwala ndi okalamba, ndipo mmodzi amanyamula chakumwa. Achemwali atafunsa dzulo kuti anyamula ndani, ndinakweza dzanja mpaka paphewa. Anadabwa. Ine mtima unali dyokodyoko, chifukwa ndinali ndi chigubu chachikasu chodzaza thobwa langa lija mpaka pakhosi.

Mapemphero anatalika. Tinatuluka dzuwa lili paliwombo, m'mimba mulibe kanthu chichokereni m'mawa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Nditapotokola chitsekerero, chigubu chinapuma mokweza, fuuu, thovu n'kutuluka.

"Chindongwa ichi chili na nkhongono!" anatero mtsikana wa alto, wonenepa uja amene saopa kanthu.

"Likoma, koma likuluma lilime," anatero wina.

"Ndi chimera chabwino," ndinayankha ine, maso pansi, koma mumtima ndikuvina. Chibadwire sindinayamikiridwepo ndi anthu khumi ndi mmodzi nthawi imodzi.

Kapu inali imodzi, inkazungulira. Aliyense anamwa kawiri. Achemwali anamwa kanayi, ati kukhosi kwauma ndi kuimbitsa. Ine ndinamwa kawiri ndi theka. Kenaka tinakonza mabulauzi athu oyera, tinaima pamzere awiriawiri, tinayamba ulendo.

Nyimbo yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri inayamba kuthamanga yokha. Ndi nyimbo ya pang'onopang'ono, imene timaimba ngakhale pamaliro, koma tinapezeka tikuiwombera m'manja. Wa alto anayamba kuseka pakati pa vesi osadziwa chomwe akuseka, ndipo ife tinaseka poona iye. M'makutu mwanga munatentha. Njira inafewa ngati matiresi. Kenaka ndinamva mawu ena okwera bwino, akuthwa, akudutsa pamwamba pa onse, ndipo ndinacheuka kuti ndione mwini wake. Kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Anali anga.

Achemwali anatembenuka, akuyenda chafutambuyo, anandiloza ndi manja onse awiri.

"Imwe! Kachete wathu ali ndi mawu! Kweza, mwana wa amayi, kweza!"

Ndinakweza.

Kuti tikafike kwa odwala tinayenera kuwoloka msewu waukulu pamsika. Kumeneko kunali kutawira kale. Magalimoto a anthu a ku Joni anaima mbali zonse, zitseko zili pululu, iliyonse ikuliza nyimbo yake. Anyamata a sekondale anali ponseponse, ena malaya atamanga m'chiuno, timabotolo tating'ono tija tikutuluka m'masokosi n'kubwereramo. Ena ankagubuduza tayala lakale pakati pa msewu. Wina anagwera pabenchi la tomato, tomato n'kumwazika mpaka kutsidya, mayi wogulitsa akumuthamangitsa ndi chitenje chopota. Ndipo pakati penipeni pa phula panaima pulifekiti wa kusukulu kwathu, yemwe uja amatilemba mayina tikalankhula pa pulepu. Tayi ya sukulu anamanga kumutu, akuimitsa basi ya ku Mzuzu ndi dzanja limodzi ngati wapolisi wapamsewu, lina likugwira buluku kuti lisagwe.

Tsiku lina lililonse tikanazungulira kuseri kwa magolosale, mitu pansi. Lero tinalowa pakati, tikuimba.

Anyamata aja atamva nyimbo anaisiya basi. Onse ndi ana a mipingo, mawu ake amawadziwa. Anafola kumbuyo kwathu n'kulowetsa besi. Chiuta wane, besi yake! Sindinamvepo yokoma choncho ngakhale pamsonkhano waukulu. Ana aang'ono anabwera, a kabaza anaima, mayi wa tomato naye anaiwala tomato n'kuyamba nthungululu. Achemwali anakwera pamwala wa m'mbali mwa msewu n'kumaimbitsa Jenda yense, manja m'mwamba, duku litapendekera kukhutu. Basi inkaliza hutala, kumbuyo kwake thiraki ya chimanga, kumbuyo kwake magalimoto ena amene sindinawawerenge. Ife tinkangomva ngati akutithandiza nyimbo. Ine ndinali kutsogolo. Ndilembenso kuti ndisadzakane: ndinali kutsogolo, chigubu kumutu osagwirira, ndikuvina.

Galimoto ya apolisi, Kuluza ija, sindinaione ikubwera. Ndinangoona anthu akubalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Anyamata amene miyendo inali ikuwamverabe analumpha ngalande n'kuthawira m'chimanga. Ena anayesa koma anathera m'ngalandemo. Ife sitinathawe. Tithawirenji? Ndife a kwaya. Wa alto anawagwadira apolisiwo n'kunena kuti, "Monire ŵabwana, chaka chiwemi!" kenaka analephera kudzuka.

Anatiyendetsa tonse pamzere mpaka pabwalo la polisi, pansi pa mtengo. Anyamata uku, atsikana uku, tonse khalani pansi, vulani nsapato. Nsapato zathu zakutchalitchi anaziunjika pamodzi ndi masilipasi amatope a anyamata. Kumpanda kunadzaza anthu, ena atakweza mafoni. Ife tinali tikusekabe, tikugwirana mapewa.

Apolisi amene ankatiyang'anira anali awiri. Bambo wamtali, wa Chichewa chosalala cha kuchigawo chapakati, ndi mayi wamfupi wa kuno konkuno, amene ankaoneka kuti watopa chiyambire Khirisimasi. Bambo uja anaima patsogolo pa achemwali.

"Inu ndiye mtsogoleri? Mwamwa chiyani?"

"Ife sitimwa, bwana. Ndife ana a mkulu wa mpingo."

"Tapumani apa."

Achemwali anapuma molimba mtima. Bamboyo anabwerera m'mbuyo, akukupiza dzanja pamphuno.

"Mpingo wake ndi uti umenewu, ndikalowe nawo?"

Anyamata anagwa nako kuseka. Koma iye sanaseke. Anaitanitsa buku lalikulu lachikuto chakuda, anakhala pampando, anatsegula, anachotsa chitsekerero cha cholembera ndi mano.

"Mwatseka msewu wa boma theka la ola. Mayina. Tiyambira kwa a kwaya. Dzina lanu, la bambo anu, mudzi."

Pamenepo ndinaona nkhope ya achemwali ikusintha. Kuseka konse kunatsika ngati madzi a m'beseni lobooka. Anayang'ana buku, anayang'ana kumpanda, ndipo nditatsatira maso awo ndinaona azakhali a alamu, amene amagulitsa nyemba pamsika, ataima pamenepo manja ali m'chiuno. Achemwali anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Ukwati wanga," ananong'ona. "Mwana wa amayi, ukwati wanga watha. Koma ine sindinamwe kanthu. Ndamwa chiyani ine?"

Ndinayang'ana chigubu chachikasu chili pakati pa miyendo yanga. Chinali chitatupa m'mbali ndi dzuwa, chikulira tsii pachitsekerero. M'mutu mwanga zinthu zinayamba kulumikizana pang'onopang'ono: kuluma lilime kuja, thovu lija, njira yofewa ija, mawu anga aja.

Ine m'kalasi sindikweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa. Aphunzitsi ena mpaka lero sadziwa kuti ndimayankhula. Koma cholembera chinali chitagunda kale pepala. Ndinaimirira, bwalo linazungulira kamodzi, ndinakweza dzanja mpaka m'mwamba.

"Ndapota, bwana. Musawalembe. Ndine."

"Ndiwe chiyani?"

"Ndine ndinakonza thobwa."

Mayi wapolisi anabwera, anatenga chigubu, anapotokola. Chitsekerero chinamuthawa m'manja n'kukagwera pamulu wa nsapato. Ananunkhiza, anatseka maso.

"Chindongwa ichi chagona mazuŵa ghalinga?"

Ndinawerenga ndi zala. "Asanu ndi awiri."

"Wathiramo vichi?"

"Kaphala. Ndi chimera china. Ndi shuga."

"Chimera kachiwiri?"

"Eya. Ndiye ndinalifunditsa bulangete kuti lisazizidwe."

Mayiyo anakhala pansi pamuzu wa mtengo, chipewa chili m'manja, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anati, "Mwana iwe, waphika phere. Wafulula mowa weniweni, wa masese. Agogo anga ankachita chimodzimodzi, bulangete ndi lomwe analibe."

Kumbali ya anyamata kunaphulika chisangalalo. "Sisi, mawa tibwere ndi makapu?" "Ife tavutikiranji ndi timabotolo, fakitale ili kwa mkulu wa mpingo!" Pulifekiti uja anayesa kuimirira kuti andichitire sawasha, anzake anamukokera pansi.

Bambo wamtali sanagwedezeke. Anagogoda buku ndi cholembera.

"Nkhani yokoma. Koma kuyambira pa Khirisimasi aliyense wakhala pansi pa mtengo uno ali ndi nkhani yokoma. Wina anati anamuthirira m'tiyi. Ndidziwa bwanji kuti simunapangane dala kuti chaka chino kwaya isangalale?"

Kabuku kano sindikasiya kunyumba, chifukwa achemwali amafufuza pansi pa pilo. Ndimayenda nako m'thumba la siketi. Palibe munthu anakawerengapo. Muli zinthu zimene sindinauzepo ngakhale Mulungu mokweza. Ndinakatulutsa, ndinapeza tsamba la pa 29 Disembala, ndinapereka kwa mayi uja ndi manja awiri.

Anayang'ana tsambalo, anandiyang'ana ine. Kenaka anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, bwalo lonse lili chete.

"Ndapulumutsa thobwa la amayi. Anati nditaye koma ndalikonza. Likupuma bwino pansi pa bulangete, ndikuganiza kuti lachira. Amayi akadzabwera adzaona kuti ndakula, ndikhoza kusunga nyumba. Ndikapatsa a kwaya pa Nyuwere, mwina adzandikonda."

Mawu omalizawo ndinali nditaiwala kuti ndinalemba. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Pansi pa mzere umenewo pali zina, zokhudza munthu wina wa Fomu 3 amene amakhala pafupi ndi windo, ndipo munthuyo anali pomwepo pakati pa ogwidwa, wopanda nsapato. Ndinaona maso a mayiyo akutsikira pamenepo. Anaika chala chake chachikulu pamizereyo, anaonetsa mnzake zapamwamba zokha, anatseka kabuku n'kundibwezera m'manja. Mayi ameneyo ndidzamupempherera mpaka ndidzakalambe.

Bambo wamtali anakanda m'mutu ndi cholembera. Anayang'ana ife khumi ndi awiri, mabulauzi oyera atadetsedwa ndi fumbi, wa alto akusinza paphewa la mnzake.

"Lachira," anatero, ngati akudziyankhulira. "Lachiradi." Ndipo anatembenuza buku kuloza kwa anyamata. "A kwaya sindiwalemba. Koma simuchoka pano mpaka muziyenda mowongoka. Wina awabweretsere madzi. Mukatero mukatole tomato wa mayi uja, mmodzimmodzi. Iwe wofulula, kataye zimenezo kuseri, ndikuona."

Ndinakataya. Linachita thovu panthaka, ndipo ndivomere kuti chisoni chinandigwiranso pang'ono.

Tinakhala pansi pa mtengowo mwina ola lathunthu, tikumwa madzi a m'ndowa. Anyamata analembedwa mmodzimmodzi, makolo awo anayamba kufika, ndipo kumeneko kunalibe zoseka. Bambo wina anangoima n'kumuyang'ana mwana wake mpaka mwanayo anayamba kulira yekha. Pulifekiti anachotsa tayi kumutu n'kuipinda bwinobwino. Wa pawindo uja sindinamuyang'ane, ndipo ndaganiza kuti sindidzamuyang'ananso kwambiri.

Titatuluka, azakhali a alamu anali akudikirabe pachipata. Achemwali anagwada pafumbi pomwepo, misozi ili mbwembwembwe. Azakhaliwo anawayang'ana nthawi yaitali, nkhope ili gwa. Kenaka pakamwa panayamba kuwanjenjemera pobisa kuseka.

"Wuka, mkamwana. Ndamva zonse ndi makutu anga, mlandu ulibe. Akafunsa a mpingo ndikayankha ndine." Anatembenukira kwa ine, anandiloza ndi chala. "Kweni uyu. Uyu paukwati asayandikire kumene kuli thobwa. Mumupatse ntchito yotsuka mbale, mbwenu."

"Yewo chomene," ndinatero, ndikugwada nanenso, ndipo ndinagwera chammbali.

Tomato tinatola. Ena anali ataphwanyika, mayi wake anati tingowasiya, nyimbo ija yamulipira. Kwa odwala sitinafike. Tinabwerera kunyumba mwakachetechete, aliyense nsapato m'manja, koma pena wina akangoti "lachira" tonse tinkaima n'kugwira mawondo. Wa alto anandikolekera mkono m'khosi njira yonse. Akuti kuyambira Loweruka ndiziima kutsogolo, ndipo ndikadzangoyendetsa milomo adzanditsina.

Achemwali sanandiyankhule mpaka pakhomo. Atalowa anagona chafufumimba pamkeka, ndipo ndinamva akunena m'pilo kuti, "Unaimba bwino, chitsiru iwe."

Tsopano mutu wayamba kugunda kumanzere, ndipo madzi a m'beseni azizira. Dzina la achemwali silili m'buku, koma mafoni aja anali m'mwamba, ndipo nkhani ya kuno imayenda msanga kuposa njinga yamoto. Adada ndi amayi afika mawa ndi galimoto yoyamba ya ku Edingeni. Akangotsika, wina adzawathamangira kuti akhale woyamba kuwauza kuti mwana wa mkulu wa mpingo amaimbitsa zidakwa pamsewu.

Ndiye mawa ndidzuka kusanatenthe. Nditsuka ndowa ya amayi ndi mchenga, monga anandiuzira poyamba paja, bulangete ndichapa. Kenaka ndikakhala pasiteji, kabuku kali m'manja, chala changa chili pamizere yam'munsi ija. Adada akangoponda pansi, wina asanawapatse moni, ndikawagwadira n'kuwawerengera tsambalo ndekha, mokweza.